Mpeni Umene Unauluka mu Shedi ya a Nyendwa

Bambo Bonaventure Nyendwa anabadwila ku Ndake, m'boma la Nyimba, m'banja la alimi a thonje ndi chimanga. Lelo amakhala ku Petauke, kumene amapala zitseko mu shedi ya munthu wina. Kwa zaka zambili anali ndi shedi yawoyawo pa kamsika kena ka m'mbali mwa msewu waukulu ku Nyimba, ndipo mbili iyi ikufotokoza m'mene anachotsedwela m'menemo. Ine ndinakulila pafupi ndi kamsikako. Pamene izi zinkachitika ndinali nditangobwela kumene kuchokela ku yunivesite, ndipo ndinalipo pa msonkhano umene unagamula mlanduwu. Zimene sindinaone ndi maso anga ndinazifunsa kwa eni ake, aliyense payekha, ndipo ndalemba zokhazo zimene ndinatsimikiza.

Ali mnyamata, a Nyendwa sanakonde ulimi wa thonje. Mankhwala opopela ankawapweteketsa mutu, ndipo nyengo yothyola thonje ankaiona ngati chilango. Atasiya sukulu anapita pa boma kukaphunzila ukalipentala kwa mmisili wina wachikulile amene anali ndi zala ziwili zokha ku dzanja lamanzele. Zala zinazo zinaduka m'makina ochekela matabwa. A Nyendwa anandiuza kuti mmisiliyo sanawalangizepo chilichonse chokhudza ngozi, ndipo panalibe chifukwa choti atelo. Ankadyela naye mbale imodzi tsiku ndi tsiku, akuona m'mene dzanjalo linkavutikila kunyamula chakudya.

Malo a pa kamsikako amagawidwa ndi bungwe la amalonda eni ake. A Nyendwa anapatsidwa shedi ya kumapeto, moyang'anana ndi amai ogulitsa vitumbuwa ndi nshawa. Magetsi atafika, bungwelo linaika lamulo limodzi lokhudza amisili: aliyense amene makina ake adzavulaze munthu chifukwa cha kusasamala adzachoka pamalopo. A Nyendwa analilandila lamuloli ndi manja awili. Shediyo ndiyo inali chuma chawo chonse, pakuti munda wa ku Ndake anali atausiyila abale. Anthu ankabwela kuchokela kutali kudzaitanitsa zitseko ndi mabenchi, ndipo chimene chinkawabweletsa, kuwonjezela pa kusalala kwa nchito, chinali mbili yakuti mu shedi imeneyo simunagwepo dontho la magazi.

Munthu wachiwili m'nkhaniyi ndi a Cosmas Kwenda. Makolo awo anachokela ku Katete kudzafuna malo olima ku Kaumbwe, ndipo iwo anakwatila amai Hellen, mlongo wamng'ono wa a Nyendwa. Chaka china chimanga chitapsa ndi dzuwa, banjali linafika ku Nyimba lili ndi katundu wochepa ndi mwana wamkazi, Karen. A Nyendwa anawapezela nyumba ndipo anawatenga alamu awowo kukhala nawo mu shedi. Anawaphunzitsa kucheka, kuboola ndi kulumikiza. A Kwenda anali a manja ofulumila ndi pakamwa pokoma, moti ogula ambili ankakonda kukambilana ndi iwo kusiyana ndi mwini shedi, amene anali wosayankhulayankhula.

Pulena ya magetsi ndiyo inali chida chachikulu cha pamalopo, ndipo ndiyenela kuifotokoza kwa amene sanaionepo pafupi. Ndi makina opalila matabwa ogwila ndi manja awili. Pansi pake pali mapazi awili achitsulo osalala, lakutsogolo ndi lakumbuyo. Pakati pa mapaziwo pali kamgolo kamene kamazungulila mwaliwilo loti diso silingakaone, ndipo pa kamgoloko pamakhala mipeni iwili, uliwonse wopanikizidwa ndi kachitsulo ndi mabawuti atatu. Chogwilila cha kutsogolo chimapotoleka. Mmisili akachipotola, phazi lakutsogolo limakwela kapena kutsika, ndipo ndi m'menemo amasankhila kukula kwa gawo la thabwa limene mipeni idye pa ulendo umodzi.

A Nyendwa anali ndi dongosolo losasintha pogwilitsa nchito chidachi. Asanakhudze mipeni ankazula pulagi ndi kuiika pa benchi pamene maso awo ankaiona. Pochuna mpeni ankagoneka lula yachitsulo pa phazi lakumbuyo, n'kumazunguza kamgoloko pang'onopang'ono ndi kamtengo, kufikila nsonga ya mpeni itangokhudza lulayo mofanana mbali zonse ziwili. Mpeni wopendekeka umasiya mizele pa thabwa, ndipo wotuluka kwambili umakumba dzenje pothela. Mabawuti ankawamanga mosinthanasinthana, pang'ono apa, pang'ono apo, osati kutsiliza imodzi ndi kupita pa ina. Thabwa ankalipanikiza pa benchi kuti lisathawe, nthambo ankaiponya paphewa kuti isalowe ku mipeni, ndipo ankavala magalasi oteteza maso ngakhale kutatentha bwanji. Ankayatsa makina mipeni isanafike pa thabwa, ankayamba ndi kudya pang'ono, ankatsamila kutsogolo poyamba ndi kumbuyo pothela. Akamaliza ankadikila kamgolo kaime, kenaka n'kutsamilitsa chidendene cha pulena pa kathabwa kuti mipeni isagunde benchi. Matabwa akale ankawakana, chifukwa msomali wobisika umabenthula mpeni.

A Kwenda ankaloledwa kupala, koma kumasula kapena kumanga mipeni kunali kwa a Nyendwa okha. Sipanala yake ankaivala m'khosi pa chingwe, pamodzi ndi kolona yopemphelela. Kamsika konse kankadziwa zimenezi, ndipo a Kwenda ankazisandutsa nthabwala.

"Alamu," ankatelo a Kwenda mokweza kuti amai a vitumbuwa amve, "kolona mwavala, sipanala mwavala. Kumwamba mukalowa ndi chiti?"

"Nikalowa na zala zonse," ankayankha a Nyendwa. "Iwe ukafotokoze wekha kwamene unasiya zako."

Tsiku lina magetsi atazima, a Nyendwa anazula pulagi asanayambe kupukuta mipeni, ndipo a Kwenda anaseka mpaka kugwila benchi.

"Malaiti kulibe tauni yonse, inu mukuzula pulagi. Muopa mizimu?"

"Malaiti sagogoda pobwela, mulamu."

Akazi a a Nyendwa, amai Febby, anamwalila ana atakula kale ndi kupita ku Lusaka. Kuyambila pamenepo amai Hellen ndiwo ankasamala nyumba ya alongo awo. Ankasesa, ankachapa, ankabweletsa chakudya, ndipo anali ndi kiyi wawowawo. Pulena sinkagona mu shedi. Madzulo aliwonse a Nyendwa ankaipukuta, kuiika m'bokosi lake ndi kupita nayo kunyumba, kumene inkakhala kunsi kwa bedi.

M'chaka cha 2024 mvula inavuta, ndipo magetsi anayamba kubwela kwa nthawi yochepa, mosadziwika bwino kuti abwela liti. Amisili ankakhala pa benchi manja ali m'thumba, akudikila getsi la padenga. M'nyengo yomweyo mpingo wina wa ku Sandwe unaitanitsa mabenchi a mtengo wa mukwa. Msewu wa kumeneko umavuta mvula ikayamba, choncho lole inayenela kuwanyamula dzinja lisanafike. Nchito inali m'mbuyo, ndipo onse awili ankadziwa zimenezi.

Panabwelanso a Fredrick, mwini golosale, amene anali atagwetsa sitolo yakale ndipo ankafuna kuti matabwa ake, opakidwa penti ya buluu, apalidwe kuti akhale mashelefu. A Nyendwa anawatembenuza matabwawo, anaona mabowo a misomali, ndipo anakana mwaulemu. A Fredrick anali ndi jenaleta kunyumba kwawo. Potuluka anayankhula ndi a Kwenda panja, ndipo anagwilizana mwamseli.

Lamulungu lotsatila a Nyendwa anatsalila ku tchalitchi pa msonkhano wa azibambo, monga mwa chizolowezi chawo. A Kwenda anatuma akazi awo kukatenga pulena. Amai Hellen anatsegula nyumba ya alongo awo, anatulutsa chidacho m'bokosi, anachiika mu dengu ndi kuphimba ndi chitenge. Kwa a Fredrick nchito inayenda bwino kufikila pamene mpeni unagunda msomali woduka mutu ndi kubenthuka. Mipeni ya pulena imeneyi ili ndi mbali ziwili zakuthwa, choncho a Kwenda anaganiza zoutembenuza kuti chobenthukacho chibisike. Sipanala yoyenela inali m'khosi mwa a Nyendwa ku tchalitchi. Anabweleka sipanala ya njinga, imene sinkagwila bwino mitu ya mabawuti. Pobwezela, bawuti imodzi inalowa mopendekeka, ndipo ina anaikakamiza mpaka mazinga ake anatha, ikungozungulila osagwila. A Fredrick anandiuza pambuyo pake kuti anaona a Kwenda akuiyesa ndi chala, akupukusa mutu, kenaka akunena kuti yotsalayo igwila. Nchito a Kwenda anaisiyila pomwepo. Anapukuta fumbi la kunja, ndipo amai Hellen anaibweza pulena m'bokosi alongo awo asanafike.

M'mawa wa Lolemba getsi la padenga linayaka mwadzidzidzi a Nyendwa atangotsegula shedi. Kamsika konse kanachita phokoso. Owotchelela zitsulo anathamangila ku makina awo, ometa anaitana amene anali pa mzele. A Kwenda anali atapanikiza kale thabwa la mukwa pa benchi.

A Nyendwa anatulutsa pulena m'bokosi, anaitembenuza, ndipo dzanja lawo linapita ku sipanala ya m'khosi.

"Alamu, chonde," anatelo a Kwenda. "Malaiti awa ndi alendo. Mufuna apite tikali kupemphelela mabawuti? Munamanga nokha pa Chiwelu, ine ndikuona."

Zimenezo zinali zoona. A Nyendwa anali ataika mipeni yatsopano Loweluka madzulo, ndi kuichuna ndi lula.

"Palibe wamene waigwila kuchokela pa Chiwelu?" anafunsa.

"Aigwile ndani? Imagona kunsi kwa bedi yanu ngati mphaka. Kapena mumaigwila nokha kutulo?"

A Nyendwa anaseka, anabwezela sipanala m'malaya, anavala magalasi ndi kulowetsa pulagi. Pa zaka zonse zimene anakhala ndi chidacho, limeneli linali tsiku loyamba kuchiyatsa asanayese mabawuti, ndipo anatelo chifukwa cha mawu a munthu amene ankadya naye.

Ulendo woyamba unamveka mosiyana. A Nyendwa akunena kuti anamva kunjenjemela m'manja ndipo anali atatsimikiza kuzimitsa akafika pothela. Pulena itangochoka pa thabwa panamveka kulila ngati kwa mfuti. Mpeni unachoka pa kamgolo, unathyoka, ndipo chidutswa chimodzi chinatulukila pa khomo. Amai Josephine Mumba, amene ankagulitsa vitumbuwa moyang'anana ndi shediyo, anali atawelama akukonza beseni lawo. Chidutswacho chinawacheka katumba ka mwendo wakumanja.

A Nyendwa anazimitsa makina, anazula pulagi, ndipo anathamanga ndi kumanga balalo ndi malaya awo. Anawakweza amaiwo pa galimoto ya munthu wodutsa ndi kupita nawo ku chipatala. Bala linasokedwa, koma mtsempha unali utakhudzidwa, ndipo amai Josephine amatsimphina mpaka lelo.

Atabwelako masana, a Nyendwa anakhala pansi ndi pulena pa miyendo. Mitu ya mabawuti inali yodyeka m'makona, chinthu chimene sipanala yawo sichita. Chidutswa cha mpeni chotsala chinali chobenthuka ku mbali imene inayenela kukhala yatsopano. M'kati mwa njila yotulukila utuchi munali fumbi la penti ya buluu. Anaitana a Kwenda ndi kuwaonetsa zinthu zitatuzo, chimodzichimodzi.

"Mulamu, mukwa ulibe penti."

"Nanga ine ndidziwa bwanji?" anayankha a Kwenda, maso ali ku msewu.

"Matabwa a Fredrick niya buluu."

"Munawakana pamaso panga. Alamu, mwachita mantha, ndamva. Koma musafune munthu womuponyela mlandu."

Madzulo a Nyendwa anapita kwa mlongo wawo. Anawapeza akusankha nyemba pa lichelo.

"Amake Karen, unatsegula nyumba yanga mailo, pa Sondo?"

Amai Hellen sanadzutse mutu. "Alongo, mwadya kanthu lelo?"

"Nakufunsa za nyumba."

"Nkhani za ku shedi mukambe na alamu anu. Ine nine mukazi chabe."

A Nyendwa anaima kanthawi akuyang'ana manja a mlongo wawo akusankha nyemba zimene zinali zosankhidwa kale, kenaka anabwelela kwawo. Anandiuza kuti usiku umenewo anali ndi chikhulupililo chakuti pamaso pa anthu mlongo wawo sangathe kunama, chifukwa anamlela okha amai awo atamwalila.

Bungwe la amalonda linaitanitsa msonkhano pansi pa mtengo wa mango kuseli kwa kamsika. Funso linali limodzi: kodi a Nyendwa asiye shedi monga mwa lamulo, kapena ayi? Wapampando anali a Edmond Njobvu, ogulitsa kapenta, munthu wofatsa amene sanafune kukhumudwitsa aliyense. Amai Josephine anali akali kuchipatala. A Fredrick sanabwele. Anandiuza pambuyo pake kuti ankaopa kuti mlandu ungawagwele nawonso.

A Nyendwa anayala nsalu pansi ndi kuikapo mabawuti, chidutswa cha mpeni ndi fumbi la buluu m'kapepala. Anafotokoza mwadongosolo chimene chilichonse chinkasonyeza. Anthu anayandikila, anayang'ana, anapatsilana bawuti yothela mazinga ija.

"Bambo Nyendwa," anatelo a Njobvu, "ife tigulitsa kapenta na tomato. Bawuti iyi kwa ine ili monga bawuti ina iliyonse. Tiyeni timve kwa anthu."

A Kwenda anaimilila, anavula chipewa, ndipo anayankhula mofatsa ngati munthu womva chisoni.

"Akuluakulu, awa ndi alamu anga. Anandilandila ndilibe kanthu, ndipo sindingawanenele choipa. Ndingofunsa inu nomwe. Pa kamsika pano, ndani amamanga mipeni ya pulena ija?"

"A Nyendwa," anayankha anthu angapo.

"Munandionapo ine ndikuimanga, ngakhale tsiku limodzi?"

"Awe."

"Sipanala yake imakhala kuti?"

Wometa wina anafuula kuti, "M'khosi, pamodzi na kolona!" Anthu anaseka, ndipo a Kwenda anadikila kuti kusekako kuthe.

"Pulena imagona kuti? Kunyumba kwawo, chitseko chokiya. Ine ndilibe sipanala, ndilibe kiyi. Munthu akakula, manja amatopa, maso amatopa. Si tchimo. Koma lelo ndi mwendo wa amai Josephine, tsiku lina lidzakhala diso la mwana."

Pamenepa ndiyenela kunena maganizo anga momveka. Pa mafunso onsewo, anthu anayankha zoona. Kusamala kumene a Nyendwa anakusunga kwa zaka zambili, kumene kamsika konse kankakuchitila umboni, ndiko kumene a Kwenda anakutenga ndi kukusandutsa chingwe chowamangila. Akanakhala mmisili wosasamala, wolola aliyense kugwila chida chake, mlanduwu ukanagawanika. Popeza anali wosamala, unagwela pa iwo okha.

A Nyendwa ananena kuti kiyi wachiwili anali ndi mlongo wawo, ndipo anapempha kuti afunsidwe. Amai Hellen anali atakhala kumbuyo pamodzi ndi amai ena. Anadzuka, anagwada monga mwa ulemu, ndipo a Njobvu anawafunsa ngati anatsegula nyumba ya alongo awo Lamulungu lija.

"Awe," anatelo amai Hellen. "Pa Sondo sininapiteko. Nenze kunyumba tsiku lonse."

"Amake Karen," anatelo a Nyendwa ndi mawu otsika, "niyang'ane."

Amai Hellen anayang'ana pansi. "Nakamba kale, alongo."

Kenaka a Njobvu anafunsa funso lomaliza, ndipo ndikukhulupilila kuti analifunsa pofuna kuwapatsa a Nyendwa potulukila.

"Bambo Nyendwa, tonse tidziwa kuti mumayesa mabawuti musanayatse. Tsiku lija munayesa?"

Akanayankha kuti anayesa, palibe akanawatsutsa kupatula a Kwenda, amene sakanafuna kuti nkhani ya m'mawa uja ifukulidwe. Bungwe likanatha kunena kuti chitsulo chinangothyoka chokha.

"Sininayese," anatelo a Nyendwa. "Ninafunsa mulamu wanga ngati pali wamene anaigwila. Anati palibe. Ninamukhulupilila."

"Mwamva nokha," anatelo a Kwenda, akutambasula manja.

Bungwe linagamula kuti a Nyendwa achoke mu shedi. Pofuna kuti banja lisavutike, ndiponso kuti mabenchi a ku Sandwe asachedwe, linagamulanso kuti malowo apatsidwe kwa a Kwenda. Ena mwa amene anakweza manja anali anthu amene zitseko za nyumba zawo zinapalidwa ndi a Nyendwa. Palibe amene anafunsa chifukwa chake fumbi linali la buluu.

A Nyendwa anachotsa zida zawo m'mawa wotsatila. A Kwenda anafuna kuwathandiza kunyamula benchi.

"Siya," anatelo a Nyendwa.

"Alamu, tisadane chifukwa cha chitsulo. Mukhoza kumabwela kudzandithandiza. Palibe angakuletseni."

A Nyendwa anakweza katundu pa ngolo ndi kupita. Asanachoke mu Nyimba anakaona amai Josephine, amene anali atatuluka m'chipatala. Anagwada pakhomo ndi kupepesa chifukwa chosayesa mabawuti. Amaiwo anawayang'ana kwa nthawi, mwendo uli pa mpando.

"Nyamukani, a Nyendwa, mungadetse buluku. Ine nenze pafupi, ninamva vamene munafunsa na vamene anayankha. Koma pa msonkhano ananiitana ndani? Mwendo wanga unapita, pakamwa panga panatsala, koma palibe anapafuna."

Kiyi wa nyumba a Nyendwa sanaupemphe kwa mlongo wawo. Anangobweza nyumbayo kwa mwini wake ndi kukwela basi ya ku Petauke.

Ku Petauke analembedwa nchito ndi mmisili wina wamng'ono kwa iwo, amene ali ndi shedi yaikulu ya zitseko ndi mafelemu. Mwini shediyo anali atamva kale za ngozi ya ku Nyimba, monga m'mene a Kwenda anaifotokozela. Kwa miyezi yoyamba a Nyendwa sanaloledwe kugwila makina alionse. Ankapala ndi chopalila cha manja ndi kukwecha ndi sandipepa. Pambuyo pake analoledwa, koma anzawo a pa nchito amawatcha "a Mpeni Wouluka", ndipo akayatsa pulena wina amabisala kuseli kwa chitseko mwanthabwala. Iwo sakwiya poyela. Amagona m'chipinda chimodzi cha lendi kufupi ndi msika.

Chaka chitatha, amai Hellen anafika ku Petauke. Ndinali komweko tsiku limenelo, ndikufunsa a Nyendwa za moyo wawo, ndipo amaiwo sanasamale kuti ndinalipo. Anabweletsa nshawa ndi nkhuku yamoyo. Karen anali atapeza mwamuna wa ku Kaumbwe, ndipo a kuchimuna ankafuna kubwela kudzakambilana za ukwati. Kwa Ansenga nkhani yotele imayendetsedwa ndi malume wa mtsikana. Bambo wobala amangokhala pambali. Malume wa Karen anali mmodzi yekha.

"Alongo, mwana ni wanu," anatelo amai Hellen. "Popanda imwe tizayamba bwanji?"

A Nyendwa anapitiliza kupukuta chitseko chimene ankagwila. "Unatenga pulena pa Sondo ija?"

Amai Hellen anayamba kulila. "Ninatenga. Ananituma. Sininadziwe kuti izapweteka munthu."

"Icho nikhulupilila. Nanga pansi pa mango paja, sunadziwe?"

"Nikanakamba, akanachotsa atate ake Karen. Imwe muli mweka, ana anu ali ku Lusaka. Ise tikanadya chani?"

"Unasankha bwino," anatelo a Nyendwa. "Manje mvela. Nizabwela kukamba za Karen tsiku lamene iwe na mwamuna wako muzapita kwa a Njobvu na kwa amai Josephine kukakamba vamene wakamba pano. Shedi sinifunanso, akhale nayo. Nifuna chabe anthu a pa msika amve kuti manja anga sanatope."

"Akamva, azamuchotsa. Mudziwa lamulo."

"Nilidziwa. Linanichotsa ine."

"Ndiye mufuna mwana wanu akwatiwe monga alibe malume?"

"Malume wake ni munthu wamene bungwe linapeza kuti ni wosasamala. A kuchimuna angakhulupilile bwanji mawu ake?"

Amai Hellen anapukuta misozi ndi chitenge, ananyamuka, ndipo anafunsa ngati asiye nkhuku. A Nyendwa anati aitenge, chifukwa mwini nyumba salola ziweto.

Amai Hellen ndi amuna awo sanapite kwa a Njobvu. Zokambilana za ukwati zinayendetsedwa ndi msuweni wina wa ku Ndake amene sankamudziwa n'komwe Karen, ndipo a kuchimuna anauzidwa kuti malume akudwala. A Kwenda akali mu shedi ya kumapeto kwa kamsika, ndipo anagula pulena yatsopano. Amai Josephine anasamutsa beseni lawo la vitumbuwa kupita kumbali ina ya msewu.